Ndinazimitsa nyali yofiira ya m'galimoto yanga

Atate anga sayendanso, ndipo amene anawapundula ndine mwana wawo. Anthu akwathu ku Ngungu, muno mu Kabwe, amati inali ngozi ya sitima. Ena amati vuto ndi galimoto zamakonozi, zimene zimaganiza zokha osafunsa mwini wake. Akamatero ine ndimangovomera ndi mutu, koma mumtima ndimadziwa kuti ngoziyo inayambira pansi pa mtengo wa mango ku Chowa, ine nditaima pambali manja ali m'thumba, ndikumwetulira. Inu owerenga, makamaka amene muli ndi galimoto kapena mukulakalaka kugula, ndimvereni mpaka kumapeto. Sindikulemba kuti mundimvere chisoni. Ndikungofuna kuti zimene ndinachita ine musadzazichite.

Atate anachoka ku Katete ali mnyamata kudzagwira ntchito ya njanji kuno ku Kabwe. Ntchito yawo inali yoyenda pansi m'mbali mwa njanji, nyundo paphewa, mbendera ziwiri m'manja, yofiira ndi yobiriwira, kuyang'ana ngati pali chitsulo chomasuka kapena chosweka. Anayenda choncho mpaka kupuma ntchito. Amayi atamwalira, ine ndi mkazi wanga, amake Dalitso, tinawatenga kuti tizikhala nawo. Ngakhale anali ndi matenda a shuga, miyendo yawo inali yolimba kuposa yanga. Lamlungu lililonse ankapita ku Misa wapansi, ndipo tikawauza kuti akwere minibasi ankatiseka kuti ife tinabadwa titakhala kale pampando.

Ine ndine kalaliki pa sitolo ina yogulitsa zipangizo zaulimi m'tauni. Nditavutikira zaka zambiri ndinagula galimoto yogwiritsidwapo kale ntchito yochokera ku Japan, ya mtundu uja woyendera petulo ndi magetsi. Inalibe kiyi wopotokola, poiliza unkangodina batani. Inkayenda mwakachetechete moti nkhuku za anansi zinkazindikira itafika kale pamchira. Ansembe anaiwaza madzi odalitsidwa, amake Dalitso anapachika korona pagalasi, ine mutu unakula. Ndisabise, ndikakumana ndi mabwana a ku Highridge pamalo omwetsera mafuta ndinkawapatsa moni ngati tinaphunzira kalasi limodzi. Mkazi wanga anaphunzira kuyendetsa, ndipo ndi iyeyo amene mwezi ndi mwezi ankapita ndi atate kuchipatala kukayezetsa shuga.

Titakhala nayo pafupifupi chaka, pa gulu lathu la pafoni la eni galimoto za mtunduwu panabwera uthenga wakuti opanga galimotozo akuziitanitsa kuti zikakonzedwe mwaulere. Anzanga ankati ndi rikolo. Ndinaimbira foni galaja yaikulu ya ku Lusaka imene inapatsidwa ntchitoyo, ndinawawerengera nambala ya chasisi, iwo anati indedi yanga ili m'gulumo. Ndinapempha tsiku kuntchito n'kupita.

Mtsikana amene anandilandira kumeneko anandifotokozera bwinobwino, ndipo pamenepa sindingamunamizire. Anati m'galimotomo muli bokosi limene limagawa magetsi. Bokosilo likatentha kwambiri, kompyuta ya galimoto imazimitsa chilichonse nthawi imodzi, ngakhale uli pakati pa msewu. Kukonza kwake kunali pawiri. Tsiku limenelo anangoikamo pulogalamu yatsopano, yakuti bokosi likayamba kutentha galimoto isazime koma ichepetse mphamvu, iyatse nyali yofiira ndi kulira, kuti woyendetsa apeze mpata wopatukira pambali. Bokosi lenilenilo anati adzasintha lina likafika kuchokera kunja, pakangopita milungu yochepa. Pondipatsa pepala ananenetsa kuti munthu wina aliyense asakhudze kompyutayo. Ine ndinati ndamva.

Mavuto anayamba sabata yomweyo. Dzuwa likangotentha, nyali yofiira inkayaka, kabelu kankalira, galimoto n'kuyamba kukwawa. Tsiku lina tikupita ku ukwati ku Kapiri, titavala bwino tonse, inafooka pamsewu waukulu mpaka malole odzaza katundu ankatipitirira akutiimbira hutala. Kondakitala wa minibasi ina anatulutsa mutu pawindo n'kukuwa kuti, “Ba bosi, tikudonseni na ntambo?” Anthu m'minibasimo anaseka pomva zakuti atikoke ndi chingwe, ine nkhope inagwa. Tinafika ku ukwatiko akwati atadula kale keke. Kuntchito anzanga anaipatsa dzina lakuti wilibala ya magetsi.

Milungu yochepa ija inasanduka miyezi. Ndikaimba foni ankandiuza kuti bokosi lili m'njira. Ulendo wina anandiitana, ndinapempha tsiku kuntchito, ndinakwawa mpaka ku Lusaka ndikuima pamthunzi uliwonse kuti galimoto izizire. Ndinakhala pabenchi kuyambira m'mawa mpaka masana, kenako anabwera kudzandiuza kuti bokosi limene lafika ndi la galimoto ya chaka china, silikukwana m'yanga. Ulendo wachitatu amene ankadziwa za nkhani yanga anali patchuthi, ndipo wotsalayo sanapeze n'komwe dzina langa m'kompyuta yawo. Abwana anga anayamba kundifunsa ngati ndapeza ntchito ina ku Lusaka. Ndinapsa mtima, ndipo mpaka lero ndimati kupsa mtimako kunali ndi chifukwa. Galimoto ndinaipereka ikuthamanga, anandibwezera ikukwawa, ndipo palibe amene ankandiuza tsiku lenileni. Koma inu owerenga, kukhala ndi chifukwa chopsera mtima sikunandipatse nzeru ayi.

Mnzanga wina anandilozera kwa ba Chanda, okonza zamagetsi m'galimoto ku Chowa. Analibe galaja, ntchito ankagwirira pansi pa mango kuseri kwa nyumba yawo, koma anali ndi laputopu ndi chingwe cholumikizira ku kompyuta ya galimoto. Loweruka m'mawa ndinauza amake Dalitso kuti ndikupitanso ku Lusaka, chifukwa ndinkadziwa kuti za ku Chowazo sakanalola. Ba Chanda analumikiza chingwe chawo pansi pa chiwongolero, anayang'ana pa laputopu kanthawi, kenako anaseka.

“Ba bosi, aba ba ku Lusaka baimanga miyendo motoka yanu. Ningabwezemo pulogalamu yakale manje manje, na ka laiti aka sikazayakanso. Koma bokosi ija ikabwela mukachinje, mwamvela?”

Mawu omalizawo ndinawamva, koma sanalowe. Chimene chinalowa m'makutu mwanga n'chakuti nyali sidzayakanso. Sindinafunse kuti nanga bokosi likatentha chidzachitike n'chiyani, ngakhale yankho lake ndinali nalo kale papepala m'thumba la jekete. Pasanathe ola limodzi galimoto inabwerera mwakale. Ndinaiyesa pamsewu wopita ku Lusaka, inkauluka. Ndinazungulirazungulira m'tauni mpaka dzuwa kupendeka kuti ulendo wanga uoneke wautali.

Nditafika kunyumba ndinalengeza kuti bokosi lafika ndipo alisintha. Amake Dalitso anaomba m'manja n'kunena kuti mapemphero ayankhidwa. Atate anali pakhonde akusoka nsapato yawo. Sanaombe m'manja. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi awo n'kufunsa kuti, “Nyali yofiira ija yazima yokha, kapena aizimitsa?”

Ndinaseka kwambiri, kuseka kwa munthu amene wagwidwa. Ndinati atate, zimenezi ndi za makompyuta, si za njanji. Iwo anangoti ku njanji nyali yofiira ikayaka sankaopa kwenikweni, chifukwa aliyense ankadziwa chochita. Imene inkawaopsa ndi nyali yofiira yozima popanda wofotokoza chifukwa chake. Atatero anapitiriza kusoka nsapato, ine ndinalowa m'nyumba msangamsanga.

Tsopano mverani pamene bodza linandimangira. Patapita mwezi umodzi, mtsikana wa ku galaja uja anandiimbira foni ndili kuntchito. Anati bokosi lenileni lafika, layesedwa, ndibwere nayo galimoto tsiku lililonse. Chinthu chimene ndinachidikira miyezi yonseyo chinali chitafika, koma ine ndinagwira njakata. Ndikapita, akaona kuti munthu wina walowa m'kompyuta, ndiye ndikayankha chiyani? Nanga kunyumba ndikanena kuti ndikupitanso ku Lusaka kukatani, poti ndinalengeza kale pamaso pa mkazi ndi atate kuti zonse zinatha? Ndinamuuza mtsikanayo kuti ndibwera sabata yamawa. Sabata yamawayo itafika ndinati ndikudikira kaye ntchito ichepe. Ndinkafunafuna bodza lina labwino lophimbira loyamba lija, ndipo ndinkadzitonthoza kuti galimoto ikuyenda bwino, palibe chothamangira. Iye anaimbanso kawiri, ine osayankha.

Linali Lachiwiri m'mwezi wa Okutobala, kutentha kwake kwa ku Kabwe kumene phula limafewa. Amake Dalitso ananyamula atate kupita kuchipatala monga mwa nthawi zonse. Ine ndinali kuntchito, ndipo zimene ndikunena pano ndinazimva kwa mkazi wanga ndi kwa anthu amene analipo. Pobwerera, cha m'ma leveni koloko, anafika pamene msewu umadutsa njanji. Panali mzere wa magalimoto, aliyense akuwoloka pang'onopang'ono chifukwa cha mabampu. Mawilo akutsogolo atangodutsa chitsulo choyamba, galimoto inazima. Sinalire, sinayatse nyali, sinachenjeze chilichonse, chifukwa chochenjezacho ndinali nditachichotsa ine.

Amuna ogulitsa makala pambali pa msewu anathamangira kudzakankha. Anali asanu kapena asanu ndi mmodzi, koma galimoto sinasunthe. Giya ya galimoto zimenezi ndi yamagetsi, ndipo magetsi atazima inadzitsekera yokha pa paki, mawilo anauma gwa. Atate anatsika, anawerama n'kuika dzanja pa chitsulo cha njanji. Anthu ena anali asanamve kalikonse, koma iwo anadziwa kuti sitima ya katundu ikubwera kuchokera mbali ya ku Kapiri, ndiponso ankadziwa kutalika kwa mtunda umene sitima yodzaza imafuna kuti iime. Anauza mpongozi wawo kuti atuluke. Anasolola chitenje chake chofiira chimene ankayala pampando chifukwa cha kutentha, n'kuyamba kuthamanga pakati pa njanji kulowera kumene kunkachokera sitimayo, chitenjecho chili m'mwamba. Munthu wa zaka zopitirira makumi asanu ndi awiri, wodwala shuga, akuthamanga pa miyala dzuwa lili paliwombo.

Mkazi wanga sanatuluke. Anakhalabe pampando akudina batani mobwerezabwereza. Anthu akumukuwira, iye ankangoyankha kuti galimotoyo inakonzedwa, ilira pompano. Amene anamupulumutsa ndi mayi wina wogulitsa tomato, amene anatsegula chitseko n'kumukoka ndi bulauzi mpaka onse awiri anagwera m'fumbi. Woyendetsa sitima anaona chofiira chija ali patali ndipo anamanga mabuleki. Sitima inabwera ikulira zitsulo, liwiro litachepa kwambiri, komabe inafika. Inagunda galimoto mbali ya woyendetsa n'kuikankha mamita angapo isanaime. Mpando umene mkazi wanga anakhalapo unapindika ngati chitini cha sadini.

Atate sitima sinawagunde. Pochoka pa njanji kuti idutse, phazi linaterereka pa miyala, anagwera chagada mu ngalande ya simenti. Anathyoka chiuno ndipo msana unavulala. Pamene ndinkafika kuchipatala, ndinawapeza ali pa machira, chitenje chija akadachigwirabe m'dzanja. Funso lawo loyamba linali lakuti mpongozi wawo ali bwanji.

Masiku otsatira anthu a mphakati wathu wa ku tchalitchi ankabwera kudzazonda, ndipo onse ankakwiyira galaja ya ku Lusaka. Ankati anthu amenewa akonza bwanji galimoto n'kuzima pa njanji, akasumiridwe. Amake Dalitso anafufuza m'nyumba n'kupeza pepala loyamba lija, anayamba kundifunsa za pepala lachiwiri losonyeza kuti bokosi linasinthidwa. Ndinati ndiyang'ana. Tsiku lachitatu ananena kuti mawa akwera basi yekha kupita ku Lusaka, akaonane maso ndi maso ndi amene anafuna kumupha. Apa ndiye ndinasowa mtengo wogwira. Ndinamutengera panja pa wodi, pansi pa mtengo pamene odikirira odwala amayanika zovala, ndipo ndinamuuza zonse, za ku Chowa, za bodza, ndi za mafoni amene sindinayankhe.

Ndinkayembekeza kuti akuwa kapena andimenya, ndipo zikanakhala bwino akanatero. Anangokhala pamuzu wa mtengowo n'kuyang'ana manja ake. Kenako anati, “Atake Dalitso, muziba chamene nenze kukhalila mu motoka muja? Nenze kukamba mumtima kuti amuna anga ananiuza kuti ili bwino. Bantu bonse benze kupunda kuti choka, ine nenze kumvela imwe.”

Mawu amenewa amandilasa mpaka lero. Chikhulupiriro chake pa ine ndi chimene chinatsala pang'ono kumupha.

Kwa atate ndinapita tsiku lomwelo masana, pa nthawi yoona odwala. Ndinagwada pambali pa bedi, anthu a mabedi ena akuyang'ana, ndinayamba kufotokoza. Sanandilole kumaliza. Anati, “Ndinadziwa tsiku lomwe lija pakhonde, mwana wanga. Unaseka ngati mmene unkasekera uli wamng'ono ukaba shuga. Koma ndinati ndi bambo tsopano, ali ndi nyumba yake, ndisamuchititse manyazi pamaso pa mkazi wake. Pamenepo ndinalakwa ine. Ku njanji sindikanakhala chete.”

Taganizani inu owerenga. Munthu wagona chiuno chothyoka chifukwa cha ine, ndipo akudzitengera gawo la mlandu wanga. Ndinalira mokweza ngati mwana, mpaka namwino anabwera kudzandipempha kuti ndituluke kaye.

Madokotala anachita opaleshoni, anayesetsa, koma shuga anachedwetsa mabala kupola ndipo miyendo sinabwererenso mphamvu. Atate anatuluka m'chipatala ali pa njinga ya olumala. Galimoto inathera kwa ogula zitsulo zakale. Ndinaimbira mtsikana wa ku galaja uja kumuuza kuti bokosi langa apatse wina, ndipo ndinamufotokozera chifukwa chake. Ba Chanda ndinawauzanso. Sindinapite kukakangana nawo, chifukwa anandichenjeza ndipo galimoto ndinapita nayo ndekha. Ndinangowapempha kuti wina akadzabwera ndi pempho ngati langa, adzamuuze za atate anga.

Amake Dalitso sanandisiye, koma sanagwirenso chiwongolero. Tikakwera minibasi n'kufika pa njanji paja amatseka maso n'kugwira korona. Chimene chimandipweteka koposa n'chakuti masiku ano ndikamuuza kanthu kakang'ono, monga kuti ndatseka geti kapena ndazimitsa mbaula, amati chabwino, kenako amadzuka mwakachetechete kukaona yekha. Sindimudandaula. Ndinamuphunzitsa ndine.

Tsono inu owerenga, mukamva kuti galimoto za mtundu wanu zikuitanidwa, musanyozere poti yanu inabwera yogwiritsidwa kale ntchito ndipo palibe amene wakulemberani kalata. Funsani, perekani nambala ya chasisi. Akakuchedwetsani, ndipo mwina adzakuchedwetsani ndithu monga anandichitira ine, vutanani nawo, imbani foni tsiku ndi tsiku, lembani madandaulo, kapena iimikeni galimotoyo muzikwera minibasi ngati anthu ena onse. Kukwera minibasi sikunaphepo munthu ndi manyazi. Koma nyali yochenjeza musaizimitse ndi laputopu, musaimate ndi tepi, musachotse kababu kake. Galimoto ikamakwawa itayatsa nyali, ikukupatsani nthawi yopatuka, ndipo nthawi imeneyo ndi imene ine ndinalanda mkazi wanga. Choposa zonse, munthu amene amayendetsa kapena kukwera galimoto yanu muuzeni zoona za galimotoyo, ngakhale zoonazo zikuchititseni manyazi. Ndipo ngati mwanama kale, bwezani mawu lero, bodzalo lisanakutsekereni njira yokakonzetsa.

M'mawa uliwonse ndisanapite kuntchito ndimawanyamula atate kuwachotsa pabedi, ndimawasambitsa, n'kuwakhazika pakhonde. Apepuka kwambiri. Nsapato zimene ankasoka tsiku lija zili pansi pa bedi lawo, zidendene zake zikadali zatsopano. Lamlungu ndimawakankha pa njinga yawo mpaka ku tchalitchi, msewu womwe uja ankayenda okha, ndipo sindilola wina kundilandira. Nthawi zina tili m'njira sitima imalira kutali. Iwo amakweza dzanja kuti ndiime, amatchera khutu, n'kundiuza ngati ili yodzaza kapena yopanda katundu. Ine ndimaima kumbuyo kwawo nditagwira zogwirira za njingayo, ndipo ndimayamika kuti sangaone nkhope yanga.